Tippet ikungoduka kumtsinje ku Dullstroom, ndigule chingwe chanji?

WakuDomasi:
Akuluakulu muli bwa? Ndikufuna nzeru kwa inu amene mumawedza nsomba za trout. Ine ndimakhala ku Turffontein ku Joni, abwana anga ali ndi kanyumba kufupi ndi Dullstroom nde akamapita pa wikendi ndimawayendetsa ndine, mpaka anandipatsa ndodo yawo yakale yowedzera ya saizi ya 5 weight kuti nane ndiziponyako. Kudamu zimayendako bho koma kumtsinje ndikulira nazo, nsomba ikangomenya fly (mbedza yovekedwa ngati kachilombo) ine ndikuti ndikoke basi chingwe chaduka fly yapita, ndipo ma fly akewo siotchipa. Ndikugwiritsa tippet (kachingwe koonda kakumapeto komangirapo fly) ya saizi ya 5X ya nayiloni imene ndinaipeza mubokosi la abwanawo. Kwathu timavuula milamba ndi twaini wamba koma osaduka, nde apapa vuto ndi chani? Ndigule chingwe cha fluorocarbon m'malo mwa nayiloni kapena ndingomanga chingwe chokhuthala basi?

Che_Nkope:
Achimwene musazunzike, mangani chingwe chokhuthala cha 0.30 mm nkhani yatha. Nsomba ndi nsomba, ikakhala ndi njala imadya. Zama X X izi ndi njira yongotidyera ndalama mashopu.

Malume_Kempton:
Che Nkope 0.30 yanuyo mukakolere kampango kunyanja, kumtsinje wa trout mubwerako chimanjamanja. Madzi akumtunda kwa Crocodile River ndi oyera mbee komanso osaya, chingwe chokhuthala chimauma nde fly siyenda ndi madzi ngati kachilombo kenikeni, imachita kukwekwereka, trout ikaona zimenezo siyandikira olo pang'ono.

Aphwanga a ku Domasi, choyamba tayani sipulu mwaipeza mubokosiyo. Nayiloni imakalamba, dzuwa ndi kutentha zimaifoola, ikakhalitsa mugalimoto kapena mubokosi zaka zingapo imaoneka yabwinobwino koma mukaikoka ndi manja imangoduka. Gulani yatsopano muziisunga pamthunzi.

Chachiwiri, chikaduka musamafulumire kumanga fly ina, yambani mwayang'ana kunsonga kwa chingwecho chifukwa chimakuuzani chokha chimene chachitika. Ngati kunsongako kwapotana ngati kamchira kankhumba ndiye kuti sichinaduke ayi, mfundo yanu ndi imene yamasuka. Ngati chaduka mosalala pamfundo penipeni ndiye kuti munamanga chouma, pokoka chinatentha nkufooka. Ngati chakhakhala mukachipititsa pakati pa zala ndi miyala imeneyo kapena mano ansomba. Ine ndinganene kuti zambiri zimadukira pamfundo, si kuti chingwe chachepa mphamvu. Pomanga fly pangani mfundo yotchedwa improved clinch, zungulizani ka 5 kapena ka 6, nyowetsani ndi malovu kenako kokani pang'onopang'ono mpaka mfundo ikhale pansi bwinobwino, osachita kutswanyula. Polumikiza tippet ku leader (chingwe chapakati pa tippet ndi chingwe chachikulu choponyera) pangani mfundo yotchedwa surgeon's knot, ndi yophweka olo zala zitauma ndi chisanu cha ku Dullstroom chija. Ndiye pali timfundo tina timene timadzimanga tokha pa leader mukamaponya kuli mphepo, kamodzi kokha kameneko kangathe kudya mphamvu yachingwe pafupifupi theka, mukakaona dulani mumange kachikena, ulesi wa mphindi 2 umaluzitsa nsomba yatsiku lonse.

Zama X zija sizovuta, nambala ikamakwera chingwe chikuonda. 3X ndi pafupifupi 0.20 mm, 4X ndi 0.18, 5X ndi 0.15 ndipo imapirira cha m'ma 2 kg. Tengani saizi ya mbedza mugawe ndi 3, fly ya 12 ipite pa 4X, ya 16 pa 5X. Poti mukuphunzira kumene yambirani 4X, koma fly yaikulu ya Woolly Bugger musamaponye pa 5X, ndi yolemera imapotokola chingwe, imeneyo ndi ya 3X.

MaiTwo_Rosettenville:
Amalume anena zoona koma aiwala dzanja. Ife tinazolowera kuti nsomba ikadya nyambo umakoka ndi mphamvu zonse mpaka iwulukire kumtunda, nde dzanja limenelo pa 5X palibe chingwe chingapirire, kaya mugule chodula motani. Ingotukulani ndodo basi mbedza ilowa yokha. Ikathawa isiyeni ithawe, drag (buleki) ya reel yokulungira chingwe ikhale yomasuka, ndodo ikhale yopindika nthawi zonse chifukwa kupindikako ndi kumene kumateteza tippet, mukailozetsa ndodo kunsomba mphamvu yonse imapita pamfundo.

Komanso kumtsinje muziyenda chokwera, trout imakhala itayang'ana kumene madzi akuchokera kudikira chakudya nde inu mumaifikira kumbuyo. Osavala malaya oyera, osagwetsa chithunzithunzi chanu pamadzi, ndipo musavutike kuponya kutali, zambiri zimakhala pafupi pompa kuseri kwa mwala kapena pamene madzi othamanga akumana ndi odekha. Nymph (fly yomira m'madzi) ngati Pheasant Tail kapena Zak muiponye kumtunda ibwere yokha ndi madzi inu mukungosonkhanitsa chingwe. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zikatuluka yesani yoyandama pamwamba, tsiku limenelo trout zimapenga misala. Ineyo ndinayamba kuziona ku Mulunguzi paphiri la Zomba ndili mwana, azungu akuziwedza ife tikudabwa kuti akukwapula madzi chifukwa chani kkkk.

WakuDomasi:
Eeh zakamchira kankhumbazo ndi zomwezo ndithu, ndikakoka kumabwera kopotana. Nanga fluorocarbon ndiisiye?

Malume_Kempton:
Musaisiye koma dziwani ntchito yake. Fluoro imamira msanga, siimwa madzi, dzuwa siliifoola ngati nayiloni, imapirira kukhulana ndi miyala komanso m'madzi siioneka kwambiri, nde pa nymph ndi yabwino. Pa fly yoyandama ngati RAB kapena DDD ine ndimakhalabe pa nayiloni poti simira msanga komanso imatamuka pang'ono, nsomba ikagwedeza mutu imakukhululukirani. Kuipa kwa fluoro ndi mtengo, komanso ndi yoterera ndi youma nde mfundo yosamangika bwino imamasuka kuposa pa nayiloni, kutanthauza kuti ndi mamangidwe anu apanowa mukangoigula lero muluza ma fly omwewo ndi ndalama zambiri. Khalani pansi madzulo ndi mbedza imodzi, ikoleni pathabwa muzimanga ndikukoka mpaka chizidukira pena osati pamfundo. Tizidutswa take musamataye kumtsinje, fluoro siola, ikani mthumba.

Mufunsenso eni malo za nyengo, mitsinje yambiri ya trout imatsekedwa kuyambira June mpaka August nsomba zikamaswana, madamu ndi amene amakhala otsegula. Malo ambiri kumeneko ndi a eni ake, pamafunika chilolezo ndipo nyongolotsi saloleza, fly yokha. December ndi January madzi akatentha kudutsa 20 digiri trout imafooka, wedzani m'mamawa, ndipo mitambo ikangoyamba kuda masana tsikani msanga, ndodo ya carbon ndi ziphaliwali zaku Highveld sizimvana.

Che_Nkope:
Chabwino ndagonja pa trout. Koma ndani ali ndi ndalama ya petulo ndi ma toll a pamsewu wa N4 mwezi ndi mwezi? Ife timapita ku Parys pamtsinje wa Vaal, ndi pafupi, yellowfish yake imakoka kuposa trout yanuyo ndipo kumeneko 5X sitiionera nkomwe, timayambira 3X. Loweruka likudzali tili ndi malo amunthu m'modzi mugalimoto, a ku Domasi ngati muli ofu tiuzeni, mubwere ndi nsapato zosaterera chifukwa miyala yake ndi yandere.