Za mwana wanga wodzigwetsa pansi uja

Mwezi watha ndinafunsa kuti nditani ndi mwana wanga wa zaka 4 amene amadzigwetsa pansi n'kumalira akamanidwa chinthu, popeza ine ndi bambo ake tinagwirizana zosamukwapula. Ambiri munati ndizimupatsa zinthu ziwiri kuti asankhepo yekha.

Zikuthandiza ndithu, makamaka posamba. Ndikamufunsa kuti, "Usambira kapu yofiira kapena yobiriwira?" amathamangira yekha kubeseni. Kulira sikunatheretu ayi. Akayamba, ndimanjuta kuti tiyang'anizane, n'kumugwira manja mpaka mtima utsike, koma switi akuliriracho sindimupatsa. Kulera mofatsa sikulekerera mwana, ndipo zimandiwawa anthu akamaziphatikiza.

Pavuta ndi kwa apongozi. Akuti, "Mwanangu, kuwongola mtengo m'poyamba." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Zoona amayi, nanenso ndikuwongola, kungoti popanda kamtengo." Nditawauza kuti ku Sweden analetsa kumenya ana mu 1979, anangoseka, akuti kumeneko n'kwa azungu. Komabe tagwirizana kuti mdzukulu wawoyo akalakwa azindiitana ine, ndipo mpaka pano sanamukwezere dzanja.