Thandizeni, kodi munthu azimwa madzi ochuluka bwanji patsiku?

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine mzimayi, ndimakhala ku Nchalo ndipo ndimagulitsa kaunjika pamsika. Mlamu wanga akuti munthu azimwa makapu 8 patsiku, mnzanga wa kumpingo akuti ayi malita 5, ine mutu wazungulira. Chiyambire kutentha kuno ndimangomwa, chibotolo cha Sobo cha malita awiri chija ndimadzaza katatu koma kukhosi kuli gwaa, usiku ndiye sindigona kutuluka panja kokhakokha. Ndipo mlamuyo ndi amene akundisowetsa mtendere, anabwera ati sabata imodzi mpaka lero, madzi ndimagula ndekha chifukwa a pamjigo wathu ndi amchere koma iye amasamba ndowa ziwiri osaponyapo ngakhale 100 kwacha, bambo akunyumba ndikawauza amangoti ndi m'bale wanga ndimutani. Masiketi onse akundikhwepa, anthu ayamba kundinena pamsika. Ndiye ndizimwa angati? Otukwana pitirirani.

Bigi wa ku Joni: MALITA 5 MAYI, osachepera! Ine ndimagwira pa konsitirakishoni ku Johannesburg, ndinadwala timiyala ta mu impso ndinalira ngati mwana, chichokereni nthawi imeneyo chigubu changa cha 5 sichichoka pambali panga. Amalawi vuto lanu mumamwa madzi pokhapokha nsima yakutsamwitsani

Amake Tadala: Nkhani apa si madzi ayi, ndi mlamuyo. Kuondako ndi maganizo. Wanga anakhala chaka chathunthu mpaka anayamba kundiwerengera nthuli za nyama m'poto, ndinachita kumupakirira ndekha chikwama. Mulongedzereni azipita muona mmene munenepere

Namwino Wopuma: Mayi, munayezetsapo shuga? Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku ndi kuonda zikabwera pamodzi chomwechi ife timayamba taganiza za shuga. Ndiyankheni kaye limeneli. Komanso mukumwa mankhwala aliwonse?

Bigi wa ku Joni: Ayamba kuopseza anthu. Munthu ali ku Lower Shire kotentha madigiri 40 asamve ludzu? Aonjezere madzi basi

Aphunzitsi a Sayansi: A Bigi musamangokuwa. Za makapu 8 zija palibe kafukufuku weniweni amene anazikhazikitsa ngati lamulo la aliyense. Bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA mu 2010 linati mzimayi malita 2 patsiku, mwamuna 2.5. Aku America mu 2004 anati 2.7 mzimayi, 3.7 mwamuna. Koma manambala amenewa akuphatikiza madzi a m'chakudya, ndiye phala, thobwa, tiyi, mavwende, msuzi wa ndiwo, zonsezi zimawerengedwa. Wogwira ntchito padzuwa akutuluka thukuta amafunika oposa pamenepo, zimenezo zoona, koma si onse malita 5

Bigi wa ku Joni: Za azungu zimenezo aphunzitsi, kwawo kumagwa chisanu. Inu munanyamulako matumba a simenti masana?

Aphunzitsi a Sayansi: Ndanena kale kuti wogwira ntchito padzuwa aonjezere, muziwerenga musanayankhe

Mtsikana wa pa Ndirande: kkkkk malita 5 ndiye mu minibasi muzitsika siteji iliyonse

Mayi Zitsamba: Amayi imwani madzi ofunda a mandimu ndi jinja m'mamawa musanadye kanthu. Ndili ndi ufa wa moringa komanso, bwerani ku inbox

Admin: Zamalonda pa gulupu pano ayi, chenjezo lomaliza.

Achimwene a ku Salima: Ine changa ndi chimodzi, madzi mukumwawo ndi otetezedwa? Kolera wa 2022 mpaka 2023 uja anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo ife tinataya mphwathu, m'mawa anali bwinobwino akusoka ukonde kunja, pofika mawa lake tikulira. Thirani WaterGuard kapena wiritsani, ndowa muzivindikira, ndipo kapu yotungira ikhale ina yomwera ina. Munthu akayamba kutsegula m'mimba Thanzi ORS msangamsanga uku mukuthamangira kuchipatala. Ndikamaona anthu akumwa timajumbo ta madzi ta m'misika tija osadziwa komwe atunga mtima umandiwawa

Amake Tadala: Pepani achimwene, mzimu wake uuse mumtendere

Gogo Nabanda: Ife tinakula tikumwa a mumtsuko ukamva ludzu basi, osawerenga makapu. Ana inu mukudwala chifukwa cha madzi a mufiliji, amaumitsa mafuta m'mimba

Mtsikana wa pa Ndirande: Agogo madzi ozizira saumitsa kanthu, akafika m'mimba amafunda okha

Gogo Nabanda: Mwana iwe ulibe mwambo, ukutsutsana ndi ine?

Namwino Wopuma: Poti mukukangana za manambala, kwa munthu wabwinobwino njira yosavuta ndi kuyang'ana mkodzo. Ukakhala wotuwirako pang'ono muli bwino, ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa onjezerani madzi. Woyembekezera aonjezere kapu imodzi ndi pang'ono, woyamwitsa makapu atatu. Mwana wosakwana miyezi 6 musamupatse madzi, bere lokha limakwana ngakhale kutenthe bwanji. Ndipo amene ali ndi vuto la mtima kapena impso ena amauzidwa kuti achepetse, ndiye a Bigi langizo lanu likhoza kupweteka munthu

Bigi wa ku Joni: MADZI SANAPHEPO MUNTHU. Ndakhala ndikumwa zaka zonsezi, onani chithunzi changa pa profile muone khungu

Aphunzitsi a Sayansi: Amapha ukagubuduza ambiri nthawi imodzi. Impso zimatha kutulutsa pafupifupi lita imodzi pa ola, ukapyola pamenepo mchere wa m'magazi umasungunuka, munthu amayamba mutu, kusanza, kusokonezeka mpaka kukomoka. Zachitikapo kwa othamanga mipikisano yaitali

Bigi wa ku Joni: Mayiwa akuthamanga mpikisano? Akugulitsa kaunjika!

Ankolo a Kabaza: Ine ndimamwa Chibuku, si madzi omwewo amenewo kkkk

Mlaliki Wachinyamata: Mayi anthu akukunenani pamsikawo asiyeni, pempherani ndi kusala masiku atatu, kuonda kwina ndi kwa nsanje za anthu

Namwino Wopuma: Chonde asasale asanayezedwe. Kuyeza shuga ndi kubaya kachala kokha, mphindi zochepa zotsatira zatuluka. Pitani mawa lomwe m'mawa, mukawauze zonse zitatu, ludzu, kukodza ndi kuonda, ndipo pakadali pano musadzimane madzi mukamva ludzu koma za shuga monga Sobo ndi Fanta musiye kaye

Wofunsa: Zikomo nonse. Amake Tadala mwalasa, dzulo lomweli watenga sopo wanga watsopano kukachapira jinzi. Ndiye mwati ndizimwa 5 kapena ndichepetse?

Bigi wa ku Joni: 5 mayi, ndipo gulani chigubu chanuchanu mlamuyo asakhudze

Namwino Wopuma: Mayi simunandiyankhe, shuga munayezetsapo? Kwanu alipo amene amadwala?

Amake Tadala: Sopo muzibisa kuchipinda, ine ndinachita kugula loko