Zoonjezera pa funso la injiniya wa ku Lilongwe: ndalama zopulumuka pa lendi ziikidwe kuti?

Mwezi watha tinayankha injiniya wina amene malipiro ake amathera pa lendi ku Area 47. Tinati asamukire ku Area 25 kapena Area 49, ndipo lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro. Ambiri mwafunsanso kuti: nanga zotsalazo tizisunge kuti?

Musazisiye mu akaunti wamba. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anangosunga ku banki anaona mtengo wa simenti ndi zitsulo ukuwathawa. Yambani ndi kusunga ndalama zokwanira miyezi 6 ya lendi ndi chakudya, chifukwa makontilakiti a zomangamanga amaima mwadzidzidzi, makamaka nthawi ya mvula. Zotsalazo gulani ma treasury bill (kubwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa) a masiku 91, 182 kapena 364 kudzera ku banki yanu, koma dziwani kuti pa chiwongoladzanja amadulapo msonkho. Masheya a makampani a pa msika wa Malawi Stock Exchange ndi a ndalama zimene simudzazifuna kwa zaka zingapo.

Penshoni ndiye musaigonere. Abwana amayenera kuikamo 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5. Pemphani sitetimenti, chifukwa makampani ena amadula koma osatumiza.

Pa za puloti, musalipire musanafufuze ku Unduna wa Zamalo kapena ku khonsolo ya mzinda. Nthawi zina malo amodzi amagulitsidwa kwa anthu atatu. Ndipo lembetsani ku Malawi Engineering Institution, bungwe la mainjiniya, kuti muzisayinira nokha ntchito zapadera m'malo molipira mnzanu.