Seva ija yayamba kugona bwino

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake seva yanga ya kunyumba imadya magetsi ambiri ngakhale isakugwira ntchito iliyonse. Inu amene munati ndiyang'ane ma C-state (magawo a kugona kwa purosesa posunga magetsi; nambala ikakhala yayikulu, tulo timakhala tozama), zikomo kwambiri, munalasa.

Nditatsegula powertop (pulogalamu ya Linux yoonetsa mmene kompyuta ikudyera magetsi) pa tsamba la Idle stats, ndinapeza kuti ma core (tizigawo ta purosesa) akufika C7 bwinobwino, koma package (purosesa yonse pamodzi) ikuthera pa C3 basi. Mu BIOS (zosintha zoyambira za kompyuta), ASPM (njira yosungira magetsi pa makadi a PCIe, yomwe imathandiza package kugona mozama) inali yozimitsa, ndiye ndinaiyatsa. Komabe lamulo la lspci -vv, loonetsa makadi a mu kompyuta, linkasonyezabe "ASPM Disabled" pa khadi yakale ya netiweki. Nditaizula khadiyo, package inatsika mpaka C8, manambala a pa mita ya pasoketi anatsikanso, ndipo fani inangoti zii.

Koma samalani ndi --auto-tune ya powertop, yomwe imayatsa yokha njira zonse zosungira magetsi. Kwa ine inagoneka kiyibodi ya USB, moti ndikayamba kulemba zilembo zoyamba zinkasowa. Ndinabweza pokhapo, zina zonse ndazisiya momwemo.