Kodi mphungu ya pa mwambi uja ndi mbalame iti?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "mphungu sataya nthenga" ndaumva kuyambira ndili mwana. Agogo ankaunena akamatola singano yomwe yagwera m'fumbi, ndipo ine ndinkangoti akunena za kusamala zinthu. Dzulo mwana wanga wandifunsa kuti mphunguyo ndi mbalame yotani, ine kukamwa yasa. Kabawi ndimamudziwa, nkhwazinso ndimaizindikira ndi mutu woyera uja ndi kulira kwake. Koma mphungu? Kodi ndi chiwombankhanga chomwechi, kapena ndi ina? Nanga n'zoona kuti sitaya nthenga?

Woyankha woyamba: Achimwene, tanthauzo mwalipeza kale. Amanena munthu wosalola kanthu kake kutayika, ngakhale kakang'ono. Ena amaugwiritsa ntchito ponyoza munthu woumira, koma ine ndimaumva ngati chiyamikiro. Za mbalameyo, m'Baibulo mayina onse awiri alimo, mphungu ndi chiwombankhanga, n'chifukwa chake ambiri timangoti ndi imodzi.

Woyankha wachiwiri: Pepani bambo, pamenepo ndisiyane nanu pang'ono. Chiwombankhanga dzina lake likudzinenera lokha: chimawomba nkhanga, chimphona chosaka zamoyo. Mphungu ine ndimaidziwa kuti ndi ija mabuku a mbalame amaitcha bateleur, Terathopius ecaudatus. Anzathu olankhula Chishona amati chapungu, ndipo nawonso amanena kuti sigwetsa nthenga. Mawuwo akufanana kwambiri moti sizingakhale zangozi.

Mukaiona kamodzi simungaiiwale. Thupi lakuda, msana wofiirira, nkhope ndi miyendo zofiira psuu, kunsi kwa mapiko koyera. Mchira ndi waufupi kwambiri moti ikamauluka mapazi amatulukira kumbuyo. Sikupiza mapiko kawirikawiri. Imangoyandama mothamanga, kupendekera uku, kupendekera uko, ngati munthu woyenda pachingwe atatambasula manja. Ndinaiyang'anapo tsiku lina kwa mphindi zingapo ndithu, khosi mpaka kuwawa, osaiona ikukupiza ngakhale kamodzi.

Nthenga imataya, palibe mbalame yosathothoka. Kungoti mbalame zikuluzikulu zodya nyama zimasintha nthenga za m'mapiko pang'onopang'ono, imodzi lero ina patapita masabata, kuti zisaleke kuuluka. Tsono mbalame yokhala m'mwamba pafupifupi tsiku lonse, kudutsa mtunda wautali pamwamba pa tchire, nthenga yake ikagwa aitola ndani? Makolo sananame, ananena zimene maso awo ankaona.

Wofunsa: Zikomo mayi, mwanditsegula m'maso. Koma nanga bwanji sindinaionepo? Kumwamba ndimayang'ana ndithu.

Woyankha wachiwiri: Mwina munaiona osaizindikira. Mwana wa mphungu ndi wofiirira thupi lonse, mchira wake ndi wotalikirapo, ndipo zimatenga zaka 7 kapena 8 kuti avale mtundu wa makolo ake. Ambiri akamuona amangoti kabawi wamkulu. Chonsecho kabawi mchira wake ndi wautali, wa mphanda, ndipo amaupotoza akamakhota.

Koma china chimandiwawa. Mbalameyi ikutha. Mu 2020 bungwe la padziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yoti zitheretu. Imadya nyama zofa, ndipo poti imayamba ndiyo kuziona, ikapeza nyama yothiridwa poizoni imafa msanga pamodzi ndi miimba. Imaikira dzira limodzi lokha, ndiye zikafa zingapo, malo amenewo amakhala opanda mphungu kwa zaka. Kale inkapezeka m'madera ambiri a Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara, lero m'mayiko ambiri muyenera kupita kumalo osungirako nyama zakutchire kuti muione.

Woyankha wachitatu: Ndiwonjezereko pa mawu a mayiwa. Ngakhale mapu oonetsa kumene mbalame zimapezeka musawakhulupirire kotheratu. Amadzaza kumene kumafika anthu a magalasi oonera patali, m'mbali mwa misewu yabwino ndi m'malo a alendo. Ku South Africa kalembera wa mbalame wa SABAP2 wakhala akuchitika kuyambira 2007, dziko analidula m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, komabe timabokosi takutali timayenderedwa mwa apo ndi apo. Bokosi lopanda kanthu likhoza kutanthauza kuti mbalame kulibe, kapena kuti wolemba sanafikeko. Mlimi ndi m'busa wa ng'ombe amaona zambiri kuposa mlendo wa masiku awiri, koma akati "mphungu" wolembayo sadziwa kuti alembe mbalame iti, ndipo umboniwo umathera pomwepo.

Wofunsa: Ndiye ndipemphe chonchi. Amene muli ndi agogo amoyo, kawafunseni: mphungu anaiona komaliza liti, ndipo kuti? Musawauze maonekedwe ake, afotokoze okha mchira ndi kaulukidwe, kuti tione ngati tonse tikunena mbalame imodzi. Ine ndiyamba ndi amalume Loweruka likubwerali.