BCM (kompyuta yoyendetsa mawaipa, maloko ndi zamagetsi zina za galimoto) yafa kapena ndi pulagi chabe?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pikiapu yanga yayamba misala: mawaipa amangodziyendera okha, zitseko kumadzikiya ndili pamsewu, ndipo ikagona masiku awiri batire imapezeka yatheratu. Injini yokha ndiye ilibe vuto.

Mafyuzi onse ndi amoyo, waya wa ethi ndinaupala mpaka kuwala. Nditazimitsa galimoto n'kudikira mphindi 40, mita imaonetsa kuti galimoto ikukokabe 400 mA ya magetsi ku batire, pomwe ine ndimayembekezera zosapitirira 50. Kungozula fyuzi ya BCM, nambala ija imagweratu. Makina oyezera akutulutsa khodi ya U0140, yotanthauza kuti makompyuta ena a galimoto sakulumikizana ndi BCM, koma nditachotsa batire ndinapeza ma ohm 60 pakati pa pini 6 ndi 14 pa soketi ya OBD (polumikizira makina oyezera), monga zimayenera kukhalira, ndiye mawaya a CAN, olumikiza makompyutawo, sindikuwakayikira kwenikweni.

Chandiimitsa mutu n'chakuti nditasolola pulagi ya BCM ndinapeza mapini awiri atabiriwira, kapeti ya pansi pake ili chinyontho. Madzi ayenera kuti akulowera m'mphepete mwa galasi lakutsogolo.

Ndiye kutsuka mapiniwo kungakwanire, kapena madzi akafika pamenepo bolodi yam'kati imakhala yapita kale? Nanga ndikagula BCM yakale ya nambala yofanana, ingadzutse galimoto osailowetsa VIN (nambala ya chasisi) ndi makiyi pa kompyuta? Ndikuopa kugula chinthu n'kudzapeza imobilaiza, yoletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo, yakana.