Kodi myelin yowonongeka ingabwerere mwakale?

Moni nonse pagulu pano, ndili ku Mangochi. Achemwali anga anawapeza ndi matenda a ubongo ndi mitsempha otchedwa multiple sclerosis atawajambula MRI ku Blantyre. Mwendo wamanzere umachita dzanzi moti patapata amavuka iwo osadziwa, ndipo dzuwa lakunyanja kuno likaswa mtengo, diso limodzi limachita chifunga.

Adokotala anati myelin, yomwe imakuta mitsempha ngati pulasitiki wa waya wamagetsi, yadyeka. Akuti mu ubongo muli maselo otchedwa OPC amene amakhwima n'kumata powonongekapo, koma pa matendawa ambiri amalephera kukhwima. Ma steroid analandira, mafizo akuchita. Zitsamba tinazisiya, zinangotithera ndalama.

Ndamva za mankhwala otchedwa clemastine omwe anayesedwa ku America. Alipo dokotala wa mitsempha muno atiuze ngati amathandizadi maselowa? Nanga tingakaonane naye kuti?